Mnyamata wa zaka 15 ali m'chitokosi, apolisi alemba zaka 19: tiyambire pati?

Mlembi wa komiti yoteteza ana

Moni nonse. Ndikupempha nzeru kwa inu amene mumadziwa za malamulo ndi za chisamaliro cha ana. M'dera lathu mnyamata wa zaka 15, wa Sitandade 8, wamangidwa dzulo Lachinayi madzulo pomuganizira kuti waba foni pamsika. Foniyo yapezeka ndipo ili m'manja mwa apolisi. Mayi ake atapita ndi chakudya m'mawa uno apeza kuti wagona chipinda chimodzi ndi akuluakulu, ndipo papepala la mlandu palembedwa zaka 19. Mnyamatayo ndi wamtali ndithu, koma chiphaso cha kubadwa alibe. Ena akuuza mayiwo kuti asake ndalama ya belo, ena akuti angodikira tsiku la khothi.

Mafunso anga ndi awiri. Loyamba, lero lomwe lino tichite chiyani, ndipo tiyambe ndi chiti? Lachiwiri, nkhani zotere sizikutha kuno. Komiti ngati yathu, yopanda loya komanso yopanda thumba la ndalama, ingakankhe pati kuti ana asiye kugona m'zitokosi ndi m'ndende?

aNgozo

Mwachita bwino kufunsa m'mawa, a Mlembi. Yambani ndi zaka, belo ibwere pambuyo. Nambala 19 ili papepalayo ndi imene yamugoneka ndi akuluakulu, ndi imene imutengere ku khothi la akuluakulu, ndipo ikangolowa m'fayilo ya kukhothi kuichotsa kwake kumafuna loya ndi miyezi. Lero ikadali patebulo la wapolisi wofufuza, cholembera chokha n'chokwanira kuikonza.

Kusowa kwa chiphaso kusakufooketseni. Kulembetsa mwana aliyense wobadwa kudayamba kukhala kokakamiza mu 2015, choncho ana ambiri a msinkhu umenewu alibe, ndipo lamulo la ana la 2010, Child Care, Protection and Justice Act, limalola umboni wina. Tumani anthu awiri nthawi imodzi. Wina apite kunyumba ndi mayiwo akafufuze kadi ya kusikelo kapena buku la kuchipatala, lija loyambirira lokhala ndi tsiku lobadwa ndi masiku a katemera. Winayo athamangire kwa mphunzitsi wamkulu akapemphe kalata yodinda, yonena tsiku lobadwa monga lilili m'kaundula wa sukulu, makamaka kaundula wa chaka chimene mwanayo adalowa Sitandade 1. Kalata ya ubatizo kapena ya kumzikiti nayonso imagwira ntchito. Ya amfumu ndi yabwino, koma payokha ndi yopepuka poti imalembedwa mlandu utachitika kale. Mapepala olemera ndi amene adalembedwa kalekale, nkhani ya foni isanaganiziridwe n'komwe. Chitani fotokope, enieniwo muzingoonetsa, musawasiye kupolisi. Mukapeza kuti mapepala awiri akusiyana chaka, zomwe sizachilendo poti makolo ena amasintha zaka polembetsa mwana sukulu, musabise limodzi. Perekani onse. Chachikulu n'choti onse akusonyeza zaka zosafika 18.

Ndi mapepalawo musathere pakauntala. Pemphani kuonana ndi mkulu wa polisiyo, komanso wapolisi woona za chitetezo cha ana, amene nthawi zambiri amapezeka ku ofesi ya Victim Support Unit. Nthawi yomweyo wina wa komiti apite kwa a Social Welfare paboma akadziwitse ofisala wa probation, amene amafufuza za moyo wa mwana womangidwa n'kulembera khothi lipoti. Ndi udindo wa apolisi kumudziwitsa, koma mwana akalembedwa kuti ndi wamkulu palibe amene amakumbuka zomuitana. Lachisanu maofesi sachedwa kutseka, choncho izi zichitike dzuwa lisanafike pamutu.

Mwina mumva wina akuti mwana ndi wosafika zaka 16 basi. Kwa mnyamata wanuyu sizikusintha kanthu, koma dziwani yankho lake chifukwa mudzakumana nazo pa ana a zaka 16 ndi 17. Lamulo la 2010 lidalembedwadi ndi zaka 16, koma mu 2017 Nyumba ya Malamulo idasintha malamulo aakulu a dziko kuti mwana ndi aliyense wosafika zaka 18, ndipo lamulo lililonse lotsutsana ndi malamulo aakuluwo limagonja. Mabuku akale amene ali m'maofesi ena akunenabe 16, n'chifukwa chake chisokonezochi sichikutha.

Akavomereza kuti ndi mwana, zimene lamulo likulamula n'zomveka bwino. Asasakanizidwe ndi akuluakulu. Asamenyedwe kapena kuopsezedwa. Asamangidwe unyolo, pokhapokha ngati unyolowo ukumulumikiza ndi wapolisi amene wamugwira. Apatsidwe chakudya ndi chithandizo cha kuchipatala ngati akudwala kapena wavulala, makolo adziwitsidwe msanga, ndipo pomufunsa pakhale kholo kapena munthu wamkulu womuyang'anira. Pamenepa funsani mayiwo chinthu chimodzi: kodi mwanayo wasaina kale sitetimenti kapena kudindapo chala? Ngati wasaina usiku ali yekha, lembani nthawi yake ndi amene adalipo, chifukwa woweruza ayenera kuzimva. Ngati sadasaine, asasaine kanthu popanda mayi ake, ndipo amuwerengere m'Chichewa mawu ndi mawu. Mukamuona, yang'anani m'mikono, kumsana ndi kumapazi. Ngati pali mabala, kaya ndi a kupolisi kaya ndi a anthu a pamsika, pemphani kalata yopitira kuchipatala lero, mabalawo asanapole.

Za maola 48 muwerenge bwino. Gawo 42 la malamulo aakulu limati womangidwa afikitsidwe kukhothi pasanathe maola 48, koma maolawo akathera tsiku limene khothi silikhala, apite tsiku loyamba limene khothi likhale. Womangidwa Lachinayi madzulo maola ake akutha Loweruka madzulo, ndiye kuti khothi ndi Lolemba. Mukangodikira, mwanayo agona mmenemo masiku anayi. Koma mkulu wa polisi ali ndi mphamvu yomupereka m'manja mwa kholo lake kuti adzabwere naye tsiku la khothi, ndipo pa milandu yaing'ono angathenso kungomuchenjeza n'kumumasula. Belo ya kupolisi ndi yaulere. Wina akatchula ndalama, mufunseni dzina ndi lisiti ya boma, muona nkhaniyo ikuzilala. Chimene apolisi amafunadi ndi munthu wodziwika kumene amakhala, wokhala ndi chiphaso cha unzika ndi nambala ya foni, wolonjeza kuti mwanayo sathawa.

Zikakanika, imbani 116, nambala yaulere yothandiza ana, ndipo funsani ngati papolisipo pamafika a PASI, bungwe la alangizi a zamalamulo othandiza omangidwa, kapena a Legal Aid Bureau, ofesi ya boma yopereka maloya kwa osowa ndalama.

Mayi Nachisale

Zonse anena aNgozo n'zoona. Ine ndiwonjezere za Lolemba ndi masiku otsatira, poti mabanja ambiri amasangalala mwana akatuluka m'chitokosi n'kuiwala kuti mlandu suwola.

Mlandu wa mwana suyamba ndi funso loti ukuvomera kapena ukukana. Umayamba ndi kukumana ndi majisitireti kumene lamulo limatcha preliminary inquiry, ndipo nakonso kuyenera kuchitika m'maola 48. Pamenepo majisitireti amafuna kudziwa zaka za mwana, kumene akachokera, ngati mlanduwo ungathere kunja kwa khothi, ndi kumene mwanayo azikhala podikira. Zonsezi amaziona mu lipoti la ofisala wa probation. Lipotilo likasowa, nkhani imaimitsidwa, ndipo kuimitsaimitsa kumeneku ndi kumene kumasandutsa masiku awiri kukhala miyezi itatu. Ofisalayo kawirikawiri amakhala ndi boma lonse pamutu pake, njinga yamoto yopanda mafuta, ndi ntchito zina za ana amasiye ndi mtukula pakhomo zikumudikira. Musadikire kuti abwere kumudzi. Mutengereni anthu ofunikawo ku ofesi yake: mayi, malume kapena azakhali amene ali ndi mawu pabanjapo, kalata ya mphunzitsi wamkulu yonena ngati mwanayo amabwera kusukulu tsiku ndi tsiku ndi mmene amakhozera, ndi mawu a amfumu. Lipoti lonena zinthu zogwirika, monga kuti mwanayo akulemba mayeso a PSLCE chaka chino ndipo malume ake avomera kumuyang'anira, limamasula mwana. Lipoti longoti "khalidwe lake ndi labwino" silithandiza woweruza kanthu.

Mlandu wa foni imodzi yomwe yapezeka kale ndi woyenera kupatutsidwa, zimene a khothi amati diversion. Koma pali zofunika kukwaniritsa. Mwana avomere yekha kuti adachitadi, popanda womukakamiza. Akhale atauzidwa kuti ali ndi ufulu wokhala chete. Pakhale umboni wokwanira woti boma likadatha kumuzenga nawo mlandu. Iye ndi kholo lake afotokozeredwe njirayo ndipo agwirizane nayo. Ndiponso mlanduwo usakhale wa m'gulu la ikuluikulu monga kupha kapena kugwiririra.

Ndikufuna ndikhalitse pa kuvomerako, chifukwa ndi pamene timalakwira ana ife tomwe amene tikufuna kuwathandiza. Mayi wotopa, wosagona masiku atatu, amanong'oneza mwana kuti "ingovomera tizipita kwathu." Wa komiti naye amagwedeza mutu. Ngati mwanayo sadabe, mwina adangogula foniyo kwa mnzake kapena adaisungira wina, kuvomera koteroko kumamuphunzitsa kuti chilungamo ndi bodza logwirizana, ndipo pamsika ponse dzina lake limakhala la wakuba. Khalani naye pambali, popanda wapolisi, popanda mayi ake ngati akuchita nawo manyazi, mumufunse modekha foniyo idafika bwanji m'manja mwake. Akati sadabe, mlandu upite ku khothi la ana ukamveke. Kumeneko kulibe mikanjo ndi mayunifomu oopsa, anthu wamba salowa kudzaonerera, atolankhani saloledwa kuulula dzina kapena chithunzi chake, ndipo ngakhale atapezeka kuti adachitadi, lamulo silimutcha wopezeka wolakwa ngati wamkulu.

Akavomera kuchokera pansi pa mtima, njira zilipo zingapo: kupepesa pakamwa kapena polemba, kuchenjezedwa, kubweza katundu, kulamulidwa kuti asajombe kusukulu, kuyang'aniridwa ndi munthu wosankhidwa, kugwira ntchito yothandiza m'dera, kapena kukumana kwa mabanja awiri pamaso pa mkhalapakati. Ku Lilongwe kwakhala kukuchitika maphunziro a Mwai Wosinthika, othandiza ana opatutsidwa motere kuti asabwererenso kupolisi. Chimene chimaononga mapangano amenewa ndi kulonjeza zosatheka. Banja logulitsa tomato likalonjeza kubweza ndalama zambiri pa sabata imodzi pofuna kuti nkhani ithe, limalephera, wodandaula amabwerera kupolisi, ndipo fayilo imatsegulidwanso mwana akuoneka ngati wophwanya pangano. Lembani pangano laling'ono, lokhala ndi masiku enieni ndi dzina la amene aziona kuti likutsatidwa. Ntchito ya m'dera isagwe nthawi ya sukulu, ndipo isakhale yomuchititsa manyazi pamsika pomwe adagwidwira.

Musaiwalenso mwini foni. Naye ndi wolakwiridwa, mwina foniyo ndi imene amachitira bizinesi. Mupiteni lero kapena mawa, mwaulemu, osati kukamuopseza kapena kumugula kuti athetse mlandu, koma kumufotokozera zimene zichitike ndi kumva chimene akufuna. Ambiri amangofuna katundu wawo ndi mawu opepesa. Muonanenso ndi wapampando wa msika. Mwana wotuluka Lachisanu n'kuoneka pamsika Loweruka, anthu osauzidwa kanthu, amaganiziridwa kuti wagula apolisi, ndipo tikudziwa zimene gulu la anthu okwiya limachita.

Mlembi wa komiti yoteteza ana

Zikomo kwambiri aNgozo ndi Mayi Nachisale. Anthu anyamuka kale kupita kusukulu ndi kwa a Social Welfare. Ndifunseko china: nanga ana amene zaka zawo zidalembedwa molakwika kalekale, panopa ali pa limandi kundende, kapena adaweruzidwa kale ngati akuluakulu? Pamenepo mpata ukadalipo?

aPhiri a ku Zomba

Ulipo, a Mlembi, kungoti njira yake ndi yotalikirapo.

Maziko ake ndi awa. Lamulo la 2010 limanena mosapsatira kuti mwana asaikidwe m'ndende pa mlandu uliwonse. Podikira mlandu, ngati sangabwerere kwawo, malo ake ndi nyumba yosungira ana yovomerezeka ndi boma. Akapezeka kuti adapalamuladi mlandu waukulu, malo ake ndi sukulu yosinthira khalidwe. Mu 2018 bwalo lalikulu la milandu lidaunika nkhani ya ana amene ankasungidwa ku ndende za Bvumbwe ndi Kachere, ndipo lidagamula kuti kusunga ana kumeneko n'kosemphana ndi lamulo, nililamula kuti achotsedwe. Ena amaganiza kuti ndende ikakhala ya achinyamata ndiye kuti mwana angakhalemo. Ayi, ndende ndi ndende. Chigamulo chimenechi chitchuleni m'kalata iliyonse imene mungalembe.

Kwa amene ali pa limandi, choyamba pezani nambala ya mlandu, khothi limene lidamutumiza, ndi tsiku limene adaonekera komaliza pamaso pa woweruza. Izi zili pa chikalata chimene adalowera nacho kundende, ndipo ofesi ya kaundula wa ndendeyo imachisunga. Nthawi zambiri mupeza kuti tsiku lobwerera kukhothi lidadutsa kalekale chifukwa galimoto idalibe mafuta, wapolisi wofufuza adasamutsidwa, kapena doketi idasowa. Ndiye werengani masiku. Kuyambira 2010 lamulo la kazengedwe ka milandu lidaika malire a nthawi imene munthu angasungidwe mlandu usanayambe: masiku 30 pa milandu ya kwa majisitireti, masiku 90 pa milandu ikuluikulu monga kupha, ndipo boma likafuna kuwonjezera liyenera kupempha kukhothi, koma osapitirira masiku ena 30. Awa ndi malire a akuluakulu. Mwana akawapitirira, ndiye kuti lamulo laphwanyidwa kawiri.

Tengani umboni wa zaka uja afotokoza aNgozo, mulembe kalata yaifupi kwa majisitireti wa mlanduwo yopempha kuti zaka ziunikidwenso, kope lina lipite kwa ofisala wa probation, lina kwa a Legal Aid Bureau. Mapepala akasoweratu, khothi lingatumize mwanayo kwa dokotala kuti ayerekeze zaka. Koma dziwani kuti kuyang'ana mano, msinkhu ndi thupi kumangopereka chiyerekezo, mwachitsanzo pakati pa 16 ndi 19, ndipo komiti ya United Nations yoona za ufulu wa ana imati pakakhala chikaiko munthuyo atengedwe ngati mwana. Umirirani pamenepo. Umiriraninso kuti zaka zofunika ndi za tsiku limene mlandu udachitika, osati za tsiku limene fayilo yakumbukiridwa. Apo ayi, kuchedwa kwa boma kumasanduka chilango cha mwana.

Funsaninso a PASI kapena a CHREAA, bungwe loona za ufulu wa omangidwa, za makhothi oyendera ndende, pamene majisitireti amapita kukakhala m'ndende momwemo n'kuona mafayilo a anthu okhalitsa. Mayina amene amaonedwa tsikulo ndi amene wina adawalemba pamndandanda pasadakhale. Onetsetsani kuti la mwanayo lilipo.

Kwa woweruzidwa kale ngati wamkulu, majisitireti yemweyo sangasinthe chigamulo chake. Njira ndi bwalo lalikulu, kudzera mu apilo kapena pempho loti liunikenso mlanduwo, ndipo pamenepa loya ndi wofunika. Samalaninso ndi ana amene amangidwa limodzi ndi akuluakulu pa mlandu umodzi, monga kuthyola sitolo. Lamulo limafuna kuti mlandu wa mwana upatulidwe pokhapokha patakhala chifukwa champhamvu, koma poti fayilo ndi imodzi, mwana amangokokedwa ndi gululo mpaka kundende.

Amene ali ku sukulu zosinthira khalidwe za Chilwa kuno ku Zomba kapena Mpemba ku Blantyre, nkhani zawo zimaunikidwa ndi bungwe la Child Case Review Board, limene wapampando wake ndi jaji wa bwalo lalikulu. Chimene chimachedwetsa ana ambiri kutuluka si khalidwe lawo, koma kusowa kwa lipoti lochokera kwawo lonena kuti kuli womulandira. Komiti yanu ingathandize kuti lipotilo lilembedwe.

aMbewe

Ndiyankhe funso lachiwiri lija. Maganizo anga ndi oti lamulo lathu papepala ndi labwino kale, ndipo komiti yaing'ono isataye mphamvu zake zonse polira kuti pabwere lamulo latsopano. Chimene chikusowa ndi zinthu zoti lamulolo liyendere: chipinda chapadera papolisi, mafuta a ofisala wa probation, malo oti majisitireti atumizeko mwana amene sangabwerere kwawo, ndi munthu wowerenga.

Yambani ndi kuwerengako, poti sikufuna ndalama. Gulani kope lachikuto cholimba. Mwana aliyense womangidwa m'dera lanu alembedwe mzere umodzi: tsiku ndi ola lomangidwa, zaka zimene apolisi alemba, zaka zenizeni, mlandu, ngati adagona ndi akuluakulu, ola limene kholo lidadziwitsidwa, tsiku limene ofisala wa probation adamuona, tsiku la khothi, ndi mmene nkhani idathera. M'malo mwa dzina ikani nambala, ndipo kopelo lisungidwe ndi munthu mmodzi. Dzina kapena chithunzi cha mwana chisapite pa Facebook kapena pa WhatsApp, ngakhale cholinga chikhale chomupezera thandizo. Pakatha miyezi 6 mudzakhala ndi chinthu chimene palibe angachitsutse. Kunena kuti "ana akuzunzika" aliyense amavomera n'kupitiriza za tiyi. Kunena kuti mwa ana akutiakuti, angapo adapitirira maola 48 ndipo angapo adalembedwa zaka zabodza, kumachititsa mkulu wa polisi kutulutsa cholembera. Pitani nazo kaye kwa iyeyo musanapite kwina, chifukwa mawa mudzamufunanso. Kenako ku komiti ya ogwiritsa ntchito khothi ya m'boma lanu, kumene majisitireti, apolisi, a ndende ndi a Social Welfare amakhala pamodzi, ndi ku khonsolo nthawi yokonza bajeti. Pa nkhanza zenizeni, monga kumenya, pali Independent Complaints Commission yolandira madandaulo okhudza apolisi, ndi Malawi Human Rights Commission. Lamulo la apolisi la 2010 limalolanso anthu wamba osankhidwa kuyendera zitokosi. Funsani ngati papolisi panu gululi lilipo, ndipo yesetsani kuti mmodzi wa inu alowemo.

Pa zosintha malamulo, ziwiri ndi zoyenera kuuza phungu wanu. Choyamba ndi msinkhu woimbidwira mlandu. Kale udali zaka 7, tsopano ndi 10, ndipo pakati pa 10 ndi 14 boma liyenera kusonyeza kuti mwanayo ankadziwa kuti zimene akuchita n'zolakwa. Gawo lomalizali limadumphidwa kawirikawiri ngati palibe wolikumbutsa. Mu 2019 komiti ya United Nations ija idalangiza maiko kuti msinkhuwu usachepere zaka 14. Mwana wa zaka 11 wakuba chimanga m'munda akufunika chakudya ndi womuyang'anira, osati doketi. Chachiwiri ndi kuonetsetsa kuti malamulo onse ndi mabuku a m'maofesi akunena chimodzi, zaka 18.

Yang'aniraninso zogwira ana mwachisawawa m'misika ndi m'madepoti. Mu 2017 bwalo lalikulu, pa mlandu wa Mayeso Gwanda, lidathetsa gawo lina la lamulo la vakabu limene linkalola kugwira munthu pongomukaikira. Ana oyendayenda m'tauni ndi amene alibe kholo lobwera ndi kadi ya kusikelo, choncho ndi amene amakhalitsa.

Pomaliza, ndingakonde kuti sukulu zosinthira khalidwe zikhalepo m'chigawo chilichonse. Chilwa ndi Mpemba zonse zili kumwera. Mwana wa ku Karonga kapena ku Mchinji akatumizidwako, makolo sangakwanitse thiransipoti yokamuona, ndipo amabwerako ali mlendo kwawo.

Mayi Nachisale

Pa mfundo yomalizayo ndisiyana nanu pang'ono, aMbewe. Vuto la mtunda ndi loonadi, koma nyumba zikamangidwa zimadzaza, ndipo woweruza amene lero akubweza mwana kwa malume ake poti palibe komutumiza, mawa adzamutumiza kumeneko. Malamulo aakulu amati kutsekera mwana kukhale njira yotsiriza ndipo kwa nthawi yochepetsetsa. Ndalama yomangira mpanda umodzi ingalipire maofisala a probation ambiri ndi mafuta awo kwa zaka. Chimene boma lililonse likusowa kwambiri ndi malo ochepa, a mabedi owerengeka, osungira mwana masiku angapo podikira khothi, ndi mabanja ounikidwa bwino ndi a Social Welfare amene angalandire mwana wopanda kwawo. Komiti ngati ya a Mlembi ingathe kupeza mabanja awiri kapena atatu otere kudzera m'mipingo ndi m'mizikiti, n'kupereka mayina awo kwa ofisala wa probation, kuti majisitireti akafunsa kuti "nanga mwanayu apita kuti?" yankho likhalepo.

Ndipo mwana akabwerera, wina amuperekeze kwa mphunzitsi wamkulu tsiku loyamba. Ana ambiri amene amamangidwa kachiwiri ndi amene adapeza malo awo kusukulu atatsekeka, anzawo akuwatcha mayina, iwo n'kubwerera kudepoti.

aNgozo

A Mlembi, za Lolemba. Kaya mwanayo atuluka lero kaya ayi, mayi ake afike kukhothi isanakwane 8 koloko m'mawa, ndi mapepala enieni a zaka pamodzi ndi mafotokope awiri, chiphaso chawo cha unzika, ndi munthu wachiwiri wokhala ndi chiphaso amene angamuimire pa belo. Apeze kalaliki wa khothi amufunse ngati fayiloyo yalembedwa ku khothi la ana, ndipo aonane ndi wapolisi wozenga mlandu khothi lisanayambe kuti amuonetse mapepalawo. Dzina la mwanayo likaitanidwa m'khothi la akuluakulu, mayiwo aimirire mwaulemu, anene kuti ndi kholo lake, kuti mwanayo ali ndi zaka 15, ndipo umboni ali nawo m'manja. Anene zimenezi mlandu usanawerengedwe, mwanayo asanayankhe kuti akuvomera kapena akukana. Ngati akhala atatuluka, abwere atavala yunifomu ya sukulu, ndipo asanatuluke m'khothimo mulembe tsiku lotsatira ndi nambala ya mlandu m'kope lanu.